Ndiphunzitseni kupemphera, abale anga

Make Tadala (Matawale), Lachitatu 9:12 usiku
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere lero. Ndinabatizidwa chaka chatha ku CCAP nditamaliza kalasi. Kumene ndinakulira sitinkapemphera pakhomo, kutchalitchi tinkangopita pa Khirisimasi basi. Madzulo ano kunali mapemphero a mlaga kwa mayi wina woyandikana nafe, tinalipo anthu ngati 15, ena pamkeka ena pamipando. Titawerenga mawu, otsogolera anangoti, "Make Tadala atitsekere ndi pemphero." Abale anga, kukamwa kunauma gwa. Ndinatsinzina n'kunena kuti "Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani," basi mawu onse anathawa. M'nyumba munangoti zii, ndinkangomva mwana wa eninyumba akupala mpoto kukhitchini. Kenaka mayi wina wachikulire analandira pempherolo n'kulimaliza. Palibe anandinyoza, koma ndalira njira yonse pobwerera.

Ngakhale ndili ndekha sizisiyana. Ndikagwada usiku maganizo amapita kumsika, ku tomato amene sanagulidwe, ku fizi ya mwana, mwinanso tulo n'kundiba ndili chigwadire. Anzanga amapemphera mphindi 20 osapumira, mavesi akungotuluka. Inu munaphunzira bwanji? Kapena ndi mphatso imene ena tilibe?

Naphiri (Domasi), 9:20 usiku
Pepani achemwali. Zinandichitikirapo ine pamaliro a apongozi, anthu odzaza bwalo. Musataye mtima, akuluakulu akubwera akuthandizani.

Achimwene a ku Chikanda, 9:31 usiku
Achemwali, umenewo ndi mzimu wa mantha ndipo umathyoledwa. Ine ndili chaka chachitatu pa yunivesite pano, ndinkachita manyazi ngati inu nomwe. Chinandimasula ndi mapemphero a usiku wonse ndi anzanga a felosipu. Onse amapemphera mokweza nthawi imodzi, palibe amene akumvetsera mnzake, ndiye lilime limamasuka lokha. Salani kudya masiku atatu, Loweruka tikwere limodzi kuphiri. Mukatsikako simudzakhalanso chimodzimodzi.

Agogo Nambewe (Chinamwali), 10:05 usiku
Mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine maso anafooka. Mwanawe Make Tadala, pukuta misozi. Funso lakoli si lachilendo. Tsegula Luka 11 vesi 1. Amene anafunsa kuti "Ambuye, tiphunzitseni ife kupemphera" sanali munthu wakunja, anali wophunzira wa Yesu, woyenda naye usana ndi usiku. Ndipo Yesu sanamukalipire kuti ulibe chikhulupiriro. Anamupatsa mawu oti anene. Ndiye ngati chimaphunzitsidwa, si mphatso ya anthu ochepa ayi.

Ine ndinavala yunifolomu ya Mvano ndisanadziwe kupemphera pagulu. Lachinayi lililonse ndinkakhala kumbuyo kwenikweni kuti maso a otsogolera asandipeze. Amene anandiphunzitsa ndi mayi anga aang'ono, ndipo anandiphunzitsira pamtondo. Anati, pemphero la Ambuye umalidziwa? Ndinati eya, ndinaloweza. Anati linene. Ndinalithamangitsa ngati mwana wa sukulu akunena mathebulo. Iwo anati ayi, bwerera, nena mzere umodzi, uime, kenaka uwonjezere mawu ako amene mzerewo wakukumbutsa. "Mutipatse ife lero chakudya chathu chalero." Ima pamenepo. M'nkhokwe mwatsala chimanga chochuluka bwanji? Uwauze Atate. Ndani m'mudzi muno wagona ndi njala? Mutchule dzina. Ukatero mizere isanu ndi iwiri ija imakutengera nthawi yoti madzi a nsima awire, ndipo palibe mawu amene wabwereka kwa abusa.

Tomato wako amene akukubwerera m'mutu, usamuthamangitse. Umutengere kwa Atate. Ameneyo ndiye chakudya chako chalero.

Make Tadala (Matawale), 10:14 usiku
Agogo, zikomo. Ndinkaganiza kuti kukumbukira za kumsika popemphera ndi tchimo, ngati ndikunyoza Mulungu.

Agogo Nambewe (Chinamwali), 10:19 usiku
Mwana akabwera kwa bambo ake sasiya njala yake pakhomo kuti alowe ndi Chichewa chokoma. Ndagona ine, tionana mawa Mulungu akalola.

Bambo a Yamikani (Sadzi), Lachinayi 5:48 m'mawa
Mwadzuka bwanji. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndiyambe ndi kuvomereza kuti ife atsogoleri nthawi zina timalakwitsa. Si bwino kudzidzimutsa Mkhristu watsopano pagulu. Munthu umamuuza tsikulo lisanafike kuti akonzeke. Zimenezi ndikazinena kwa anzanga.

Achimwene a ku Chikanda, sindikutsutsa kusala kudya kapena kukwera phiri. Yesu mwini ankapita kwayekha, Marko 1 vesi 35 akuti anadzuka kusanache n'kupita kuchipululu kukapemphera. Koma mayiyu vuto lake si chiwanda. Ndi munthu amene akuphunzira kulankhula m'nyumba imene walowamo chaka chatha. Tikamuuza kuti ali ndi mzimu woipa tikumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene ali naye kale. Komanso mayi woyamwitsa kapena woima tsiku lonse pamsika sitimangomuuza kuti masiku atatu osadya tisanamufunse za thupi lake.

Chinanso, tiyeni tione kutalika kwa mapemphero amene Baibulo likutiuza kuti anamveka. Petro akumira m'nyanja anangoti "Ambuye, ndipulumutseni." Wamsonkho uja wa pa Luka 18 anaima patali, osafuna n'kukweza maso komwe, n'kunena kuti Mulungu amuchitire chifundo iye wochimwa. Mfarisi ndiye anali ndi pemphero lalitali lokonzeka bwino, koma Yesu akuti amene anapita kwawo wolungamitsidwa ndi wamsonkho. Nehemiya anapemphera pakati pa funso la mfumu ndi yankho lake, nthawi yongokwana kupuma kamodzi. Pa Mateyu 6 vesi 7 tikuchenjezedwa kuti tisayese kuti tidzamveka chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Make Tadala, mawu anayi amene munanena aja, "Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani," linali pemphero lathunthu. Mukanangoti "m'dzina la Yesu, Amen," palibe akanati mwalephera.

Achimwene a ku Chikanda, 6:30 m'mawa
Ndamva bambo, ndipo pa za kusala kudya ndavomera, sindinaganize za thanzi lawo. Koma ndisabise, ine mapemphero ongoloweza anandiumitsa mtima kwa zaka zambiri. Ndinkanena pemphero la Ambuye pa asembule kusukulu m'mawa uliwonse, mutu uli kwina. Yesu yemweyo anati tisabwerezebwereze mawu chabe. Nanga kuloweza si kubwereza komweko?

Akatekisiti (Thondwe), 7:22 m'mawa
Funso labwino achimwene, ndipo ife Akatolika timafunsidwa kawirikawiri chifukwa cha korona, mapemphero athu obwerezabwereza aja owerengera pa mikanda. Ndiyankhe monga ndimayankhira ana a kalasi. Liwu lofunika pa vesi limenelo ndi "chabe". Ku Getsemane Yesu anapemphera katatu, ndipo Mateyu 26 vesi 44 akuti ananena mawu omwewo. Cholakwika si kubwereza, koma pakamwa kuyenda mtima utatsala.

Ine ndaona ntchito ya pemphero loloweza pafupi ndi bedi la odwala. Chaka chatha ndinaitanidwa kwa gogo wina wa mumphakati mwathu amene sankazindikiranso ana ake. Ndinakhala pamphasa, ndinamugwira dzanja, ndinayamba "Atate athu muli kumwamba." Milomo yake inayamba kuyenda, ndipo anamaliza nane mpaka Amen. Mayina a ana anaiwala, pemphero sanaiwale. Mwana wake wamkazi anatuluka panja kukalira. Ndiye mawu oloweza ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, umachifuna tsiku limene kumunda kulibe kanthu.

Komabe achimwene mukunena zoona kuti munthu asathere pomwepo. Ifenso timaphunzitsa kuti ukatha mapemphero olembedwa ukhale chete pang'ono, ulankhule ndi Mulungu mawu ako. Make Tadala, ngati m'mawa muli ndi wailesi pafupi, kupemphera limodzi ndi ena kumathandiza, ife timatsatira Radio Maria ya ku Mangochi, inunso mupeza mapologalamu a mpingo wanu. Khutu likazolowera, pakamwa pamatsatira.

Wakabaza wa pa Ndola, 7:40 m'mawa
Ine sukulu sindinapite patali. Ndikakwera njinga m'mawa ndimati, "Ambuye, ndiyendetseni bwino, amene ndanyamula akafike amoyo." Madzulo ndikamangirira njinga ndimati zikomo. Zaka 6 tsopano. Ndimafunanso kudziwa zambiri, ndiye ndikuwerenga nawo.

Bambo a Yamikani (Sadzi), 7:52 m'mawa
Achimwene a kabaza, pitirizani choncho. Paulo anati "pempherani kosaleka" pa 1 Atesalonika 5 vesi 17, ndipo munthu sangagwade tsiku lonse. Ndi mapemphero ngati anuwo amene amadzaza tsiku.

Make Tadala (Matawale), Lachinayi 8:47 usiku
Ndayesa zimene agogo ananena. Ndinadzuka 4 koloko, ana asanadzuke, ndinayatsa mbaula n'kuteleka madzi osamba, ndinakhala pampando wa kukhitchini. Kugwada pabedi ndasiya kaye chifukwa ndi pamene tulo timandipeza. Mizere yoyamba inayenda bwino. Pa "ufumu wanu udze" ndinapezeka ndikutchula mchimwene wanga amene analowerera ndi mowa. Pa chakudya ndinanena za tomato, za lendi, zonse.

Koma nditafika pa "mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu" ndinaima, ndipo sindinapitirire. Choyamba, mangawa n'chiyani kwenikweni? Ndakhala ndikungonena. Chachiwiri, ngati ndi zimene ndikuganiza, ndiye ndili ndi mlandu. Mlamu wanga anandibwereka K80,000 imene ndinatenga kubanki m'khonde, anati abweza pakatha mwezi. Papita miyezi 9. Ndinabweza ndekha ndi chiwongoladzanja, mpamba wanga unatsika, ndinasiya kupikula mabasiketi awiri n'kumapikula imodzi. Tikakumana amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Sindinamukhululukire. Ndinganene bwanji pamaso pa Mulungu kuti "monga ifenso takhululukira"? Likhala bodza.

Bambo a Yamikani (Sadzi), 9:25 usiku
Mayi, mwaganiza bwino. Mangawa ndi ngongole. Ndi Chinyanja chakale cha mu Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mawu ena a mmenemo achinyamata sakuwagwiritsanso ntchito. Mukapeza Buku Loyera, la mu 1998 lija limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, muziwerenga mbali ziwirizo moyandikana, zimatsegula maso. Pa Luka 11 vesi 4 pemphero lomweli likunena za machimo athu, ndiye ngongole ikunenedwayo ndi zolakwa zathu kwa Mulungu, ndi zolakwa za anzathu kwa ife.

Koma ndikuuzeni chinthu. Dzulo munati simudziwa kupemphera. Lero mwaima pakati pa pemphero chifukwa simukufuna kunama kwa Mulungu. Ambiri a ife timadutsa pa mzere umenewo Lamulungu lililonse osagwedezeka n'komwe, tili ndi anthu amene sitilankhulana nawo mumpingo momwemo.

Akatekisiti (Thondwe), 9:41 usiku
Ife pa mzere umenewo timati "monga ifenso tikhululukira adani athu." Ndi wolemera mbali zonse. Werenganinso Mateyu 18 kuyambira vesi 23. Kapolo anakhululukidwa ngongole ya matalente 10,000, ndalama yoti sakanabweza moyo wake wonse, koma anakagwira pakhosi mnzake amene anali naye ngongole yongofanana ndi malipiro a masiku 100. Fanizoli silikunena kuti ngongole ya mnzakeyo inali yabodza. Inali yeniyeni, ngati K80,000 yanuyo.

Achimwene a ku Chikanda, 9:50 usiku
Ndiye tikunena kuti angoisiya ndalamayo? Ine pamenepo zikundivuta. Mayiwa ali ndi ana.

Nachisale (Mpondabwino), 10:36 usiku
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira dzulo. Ndilankhuleko, ngakhale zanga n'zolemera.

Achimwene, kukhululuka si kunena kuti ndalama isabwezedwe. Angathe kuitana ankhoswe kapena akuluakulu a banja, nkhani ikambidwe, mlamuyo azibweza pang'onopang'ono. Chimene pemphero likufuna kuchotsa ndi chija chimakugwira pachifuwa ukamuona munthuyo akubwera, chija chimakufunitsa kuti zimuvute.

Make Tadala, ine amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ndinawadikirira kuchipatala milungu isanu, ndikugona pansi pa simenti, chitenje chimodzi chofunda china choyala. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa. Anthu ankabwera nthawi yoona odwala, kuimba, kusanjika manja, ena kundiuza kuti ndikangokhulupirira kwambiri adzuka. Sanadzuke. Titaika maliro, abale ena anabwera kudzatenga katundu, mpaka makina osokera amene ndinkadyera.

Kwa miyezi yambiri sindinkatha kunena "kufuna kwanu kuchitidwe." Ndikafika pamenepo ndinkatseka pakamwa. Kutchalitchi ndinkapita, anthu akamanena pemphero la Ambuye ine mizere iwiri ndinkaidumpha, wa kufuna kwanu ndi wa kukhululuka. Ndinkaganiza kuti Mulungu wandichotsa m'kaundula wake.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wogulitsa makala pafupi ndi benchi langa. Sanandilalikire. Anangonditsegulira Masalimo 13 pafoni yake n'kuti werengani mokweza. Davide akufunsa Yehova kuti mudzandiiwala kufikira liti, mudzandibisira nkhope yanu kufikira liti. Ndinadabwa kuti mawu otere ali m'Baibulo. Kenaka ndinapeza Masalimo 88, limene limathera mumdima, popanda ndi aleluya yemwe. Ndinati kani munthu angathe kulankhula chonchi ndi Mulungu osakanthidwa? Kuyambira tsiku limenelo usiku uliwonse ndinkawerenga salimo limodzi mokweza, ngati mawuwo ndi anga. Alipo 150, ena oyamika, ena odandaula, ena okwiya kumene. Masiku amene ndinalibe ngakhale mphamvu yowerenga ndinkangokhala pakama, nyali itazima, n'kunena kuti "Ambuye, ndili pano." Aroma 8 vesi 26 akuti sitidziwa chimene tiyenera kupempha, koma Mzimu mwini amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Vesi limenelo ndinalimata pachitseko.

Tsono pa mzere wanu wovutawo, musaudumphe ngati mmene ndinkachitira ine, komanso musaname. Nenani zoona. Ine ndinkati, "Atate, sindinawakhululukire alamu anga. Sindikufuna n'komwe. Ndipatseni mtima wofuna." Ndinanena choncho mwina chaka chathunthu. Bambo uja wa pa Marko 9 anati ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo Yesu sanamubweze. Makina aja sanabwerere mpaka lero. Koma mwana wa amene anawatenga atadwala ndinapita kukamuona, ndipo miyendo sinaleme.

Naphiri (Domasi), 10:49 usiku
Mayi Nachisale, mwandiliritsa. Mulungu akutonthozeni.

Achimwene a ku Chikanda, 11:03 usiku
Amayi, zikomo. Ndine mmodzi wa anthu amene amauza odwala kuti akangokhulupirira kwambiri achira. Sindinaganizepo za amene amatsala. Paulo naye anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, sunachoke. Ndikambirana ndi anzanga tisanapitenso kukayendera odwala.

Agogo Nambewe (Chinamwali), Lachisanu 6:15 m'mawa
Mdzukulu wandiwerengera zonse. Nachisale mwanawe, wanena zimene ine sindikanatha kunena. Make Tadala, uwonjezere ichi. Hana mayi wa Samueli anapemphera milomo yokha ikugwedera, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Wansembe sanamve, Mulungu anamva. Ndiye kukhala chete kwako kwa Lachitatu kuja usakuyese chabe.

Za pagulu, chita chonchi. Usiku wake ulembe pakapepala zinthu zitatu, chimodzi choyamika, chimodzi chopempherera eninyumba, chimodzi chochokera m'mawu amene awerengedwe. Pagulu umati "ife", osati "ine", chifukwa wanyamula anthu onse ali pamkekawo. Usasinthe mawu kuti amveke ngati a pa guwa. Ukamaliza zitatuzo tseka. Ukakakamira pakati, uitane onse kuti tinene pamodzi pemphero la Ambuye, palibe adzadabwe, ife akale timatero kawirikawiri. Ndipo ana ako uyambe nawo lero pa nsima, mawu awiri atatu. Pakamwa pako pazolowera kumva mawu ako omwe.

Wakabaza wa pa Ndola, 6:44 m'mawa
Agogo, za Masalimo zija ndiyambire pati? Baibulo ndili nalo la pafoni.

Bambo a Yamikani (Sadzi), 7:01 m'mawa
Yambani ndi 121 achimwene, likunena za kusungidwa potuluka ndi polowa, ndi la anthu a paulendo ngati inu. Tili ndi mwayi ife a ku Zomba, ukangokweza maso phiri lili pomwepo, vesi loyamba limabwera lokha. Kenaka 23, 51 pamene mwalakwa, ndi 103 pamene mtima wadzaza kuyamika.

Make Tadala (Matawale), Lachitatu lotsatira 8:58 usiku
Abale, ndabwera kudzanena mmene zayendera. Sabata yonseyi ndakhala ndikudzuka 4 koloko. Masiku awiri ndinalephera, Loweruka ndinagona mochedwa ndipo Lolemba Tadala anatentha thupi usiku, koma ali bwino tsopano. Pa nsima tikupemphera, dzulo Tadala anapempherera mphaka wathu ndipo sindinamuletse.

Lero ku mlaga ndinapita kwa otsogolera tisanayambe, ndinawapempha ndekha kuti nditsekere. Kapepala kanali m'manja, kananyowa ndi thukuta. Ndinayamika chifukwa cha mvula imene sinagwetse nyumba ya aliyense wa ife, ndinapempherera bambo a panyumbapo amene akufuna ntchito, ndinapempha kuti mawu amene tinamva tikawakumbukire kumsika ndi kumunda. Mawu ananjenjemera, penapake ndinabwereza chinthu chimodzi kawiri. Sizinakwane mphindi ziwiri. Onse anati Amen, ndipo mayi wachikulire uja anandimalizira pemphero sabata yatha anandigwira dzanja potuluka, sananene kanthu.

Za mlamu wanga sizinathe. Ndikunena mawu a Mayi Nachisale aja m'mawa uliwonse, ndipo mtima ukadali wouma. Ndalankhula ndi amuna anga, avomera kuti tiitane amalume awo Loweruka likudzali tikhale pansi tonse. Ndikuopa kuti ndikalankhula mokalipa. Mundikumbukire.

Nachisale (Mpondabwino), 9:10 usiku
Loweruka nthawi yanji achemwali?

Make Tadala (Matawale), 9:12 usiku
2 koloko masana.

Nachisale (Mpondabwino), 9:13 usiku
Ndidzakhala pa benchi nthawi imeneyo, koma ndatchera alamu pafoni. Mukatuluka mudzandiuze.